Mafunso ndi mayankho okhudza kuyendetsa chipatala chanu ngati bizinesi

Madokotala ndi anamwino amene amatsegula chipatala chawo amakhala akudziwa bwino matenda ndi machiritso ake, koma posakhalitsa amazindikira kuti atenganso ntchito ina imene sanaiphunzire kusukulu, yomwe ndi kusunga mabuku a ndalama, kulemba ndi kuyang'anira antchito, kugula mankhwala ndiponso kulondola ngongole. Mafunso otsatirawa akukhudza ntchito yachiwiriyi.

Kodi chipatala ndi bizinesi monga ina iliyonse?

Pa nkhani ya ndalama, inde. Lendi ya nyumba, malipiro a antchito, magetsi, msonkho ndi ngongole za kwa ogulitsa mankhwala zimafika pa nthawi yake kaya odwala abwera kapena ayi, ndipo chipatala chimene chalephera kulipira zimenezi chimatsekedwa ngakhale mwini wake akhale katswiri wotani. Komabe pali kusiyana kumodzi kwakukulu kumene katswiri wa zachuma Kenneth Arrow anakufotokoza mu 1963: wodwala sadziwa chimene akufunikira, ndipo amene amamuuza choyenera kugula ndi yemweyo amene akugulitsa. Munthu wogula nsapato amatha kuziyesa n'kuzikana, pamene wodwala amene wauzidwa kuti akayezedwe magazi kapena akajambulidwe alibe njira yodziwira ngati kuyezako kuli kofunikadi. Choncho nzeru za bizinesi ziyenera kulamulira kagulidwe ka katundu, kasungidwe ka ndalama, kagawidwe ka nthawi ndi kayang'aniridwe ka antchito, koma zisalowe m'chipinda choonera odwala. Mwini chipatala akangoyamba kulembera mankhwala maganizo ali pa lendi, wayamba kuwononga chinthu chimene chimabweretsa anthu pakhomo pake, chomwe ndi chikhulupiriro chawo.

Odwala akubwera ambiri ndipo mabuku akuonetsa phindu. Nanga n'chifukwa chiyani ndalama zimasowa pakutha pa mwezi?

Phindu ndi ndalama zimene zili m'manja ndi zinthu ziwiri zosiyana, moti chipatala chikhoza kugwa mabuku ake akuonetsabe phindu. Mukathandiza wodwala amene amalipiriridwa ndi kampani ya inshulansi kapena ndi kuntchito kwake, mabuku amalemba kuti mwapeza ndalama tsiku lomwelo, koma ndalamayo ikhoza kufika patapita mwezi umodzi, iwiri kapena itatu. Pa nthawi yonseyi antchito akhala akulandira malipiro awo mwezi ndi mwezi, ndipo mankhwala amene munam'patsa wodwalayo munawalipira kalekale. Vutoli limakula makamaka pamene chipatala chikukula mofulumira, popeza wodwala watsopano aliyense wa pangongole amayamba watulutsa ndalama m'thumba mwanu asanabweze kanthu.

Chida chofunika kwambiri apa ndi mndandanda wa onse amene ali ndi ngongole kwa inu, wogawidwa malinga ndi msinkhu wa ngongoleyo: zosapitirira masiku 30, za masiku 31 mpaka 60, za masiku 61 mpaka 90, ndi zimene zapitirira pamenepo. Mndandandawu muziuona nokha sabata iliyonse, chifukwa ngongole ikamakhalitsa mwayi woti ilipidwe umacheperachepera. Zikalata zopemphera malipiro zizitumizidwa sabata ndi sabata m'malo modikira kutha kwa mwezi, ndipo chikalata chilichonse chimene chakanidwa chilembedwe pamodzi ndi chifukwa chake. Mukatero mudzaona kuti zifukwa zake zimakhala zomwezomwezo: dzina lolembedwa molakwika, nambala ya umembala yosakwanira, chilolezo chimene chinayenera kupemphedwa chithandizo chisanaperekedwe, kapena nambala ya matenda yosagwirizana ndi chithandizo chimene chalembedwa. Manambala a matendawa amachokera m'ndondomeko ya ICD ya bungwe la World Health Organization, imene mtundu wake wa 11 unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, ngakhale kuti malo ambiri akugwiritsabe ntchito mtundu wa 10. Kuphunzitsa munthu mmodzi kulemba manambalawa molondola kukhoza kubweza ndalama zochuluka kuposa zimene mungapeze poonjezera maola a ntchito.

Ndi bwinonso kukhala ndi ndalama zapadera zokwanira kulipira zonse kwa miyezi itatu ngakhale pasalowe kanthu. Kuzisonkhanitsa kumatenga nthawi, koma mwini chipatala amene alibe nkhokwe yotere amakakamizika kukongola pa chiwongoladzanja chokwera nthawi iliyonse imene wolipira wamkulu wachedwa.

Ndingadziwe bwanji chiwerengero cha odwala chofunika kuti chipatala chisamaluze?

Yambani ndi kugawa ndalama zimene mumagwiritsa ntchito m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zolipira zosasintha, monga lendi, malipiro, inshulansi ya ntchito ndi kubweza ngongole ya makina. Gulu lachiwiri ndi la zimene zimakwera wodwala aliyense akabwera, monga mankhwala, magolovesi, majakisoni ndi zoyezera za mu labotale. Pa ndalama imene wodwala mmodzi amalipira muchotsepo za gulu lachiwirizi, ndipo chotsalacho ndicho chimene wodwalayo wathandizira polipira zosasintha zija. Tinene kuti chotsala cha wodwala mmodzi tichitcha gawo limodzi, ndipo zolipira zosasintha za mwezi wonse zikukwana magawo 400. Ndiye kuti mufunika odwala 400 pamwezi, kapena 16 patsiku ngati mumatsegula masiku 25, musanayambe kuona phindu lililonse.

Ambiri amalakwitsa posaika malipiro awo eni m'gulu la zosasintha. Dokotala amene sadzilipira amaoneka ngati akupanga phindu, pamene chimene akuchitcha phinducho ndi malipiro ake amene akanalandira akanalembedwa ntchito kwina. Kuwerengera kumeneku kuchitidwenso pa gawo lililonse palokha, monga labotale, famase ndi chipinda cha opaleshoni yaing'ono, popeza si zachilendo kupeza kuti gawo limodzi likudya phindu la magawo ena onse popanda wina kuzindikira.

Mitengo ya chithandizo ndiikhazikitse motani?

Musayambe ndi kufunsa zimene chipatala china chikulipiritsa, chifukwa simudziwa lendi yawo, ngongole zawo, kapena ngati iwowo akuluza. Yambani ndi mtengo weniweni wa ola limodzi la chipinda choonera odwala, kuphatikizapo dokotala, namwino ndi gawo la zolipira zina zonse, kenako muone kuti chithandizo chilichonse chimatenga mphindi zingati. Mitengo ya anzanu muione pambuyo pake, kuti mudziwe ngati anthu angakwanitse yanu. Mitengoyo ilembedwe poonekera ndipo wodwala auzidwe chithandizo chisanayambe, popeza mikangano yambiri ya pa malo olipirira imabuka chifukwa munthu wadzidzimutsidwa ndi bilu imene sanaiyembekezere.

Muyeneranso kudziwa kuti njira iliyonse yolipirira ili ndi chiyeso chake. Kulipiritsa pa chithandizo chilichonse kumakopa munthu kuti achite zambiri kuposa zofunika, pamene mgwirizano wolandira ndalama yokhazikika pa munthu aliyense wolembetsedwa, kaya wadwala kapena ayi, umakopa munthu kuti achite zochepa. Musanasaine mgwirizano wa mtundu wachiwiriwu, funsani za misinkhu ndi matenda okhalitsa a anthu amene akulembetsedwawo. Pa nkhani ya odwala osowa ndalama, chifundo chikhale ndi ndondomeko yolembedwa yonena amene angachotseredwe mtengo, amene amavomereza, ndi malire ake pamwezi, ndipo chilichonse chochotsedwa chilembedwe m'mabuku. Chifundo chosalembedwa sichisiyanitsika ndi ndalama zobedwa pamene mabuku akuunikidwa.

Ine ndine dokotala, osati wowerengera ndalama. Kodi sindingasiyire munthu wokhulupirika nkhani zonse za ndalama?

Ntchitoyo mukhoza kuisiyira wina, koma kuyang'anira kwake kukhale kwanu. Lamulo lodziwika bwino pa kasungidwe ka ndalama ndi lakuti munthu mmodzi asagwire ntchito zitatu izi: kulandira ndalama, kuzilemba m'mabuku, ndi kufananitsa mabukuwo ndi sitetimenti ya kubanki. Zimenezi sizitanthauza kuti mukumuganizira wina zoipa, ndipo wantchito wokhulupirika amasangalala ndi dongosolo lotere chifukwa limamuteteza pamene ndalama zasowa. Malisiti akhale ndi manambala otsatizana, lisiti lofufutidwa lisungidwe ndi kusainidwa ndi munthu wachiwiri, ndipo tsiku lililonse chiwerengero cha odwala a m'kaundula chifananitsidwe ndi chiwerengero cha malisiti. Njira yolemba ndalama iliyonse mbali ziwiri, imene katswiri wa masamu Luca Pacioli anaifotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494, ikugwirabe ntchito mpaka lero chifukwa cholakwika chimaonekera msanga mbali ziwirizo zikalephera kufanana.

Akaunti ya chipatala ikhale yosiyana ndi yanu. Mwini chipatala amene amatapa ndalama m'kabati ya wolandira ndalama popanda kulemba waphunzitsa antchito ake kuti kabatiyo ilibe mwini.

Mankhwala ndi zipangizo ndizisunge zochuluka bwanji?

Mankhwala amene ali pa shelefu ndi ndalama zimene zagona, ndipo ndalama zimenezi zili ndi tsiku lothera mphamvu. Kugula ochuluka chifukwa wogulitsa watsitsa mtengo kumapindulitsa pokhapokha ngati adzatha asanaonongeke. Komanso kusowa kwa mankhwala ofunika kumathamangitsa odwala, ndipo nthawi zina kumaika moyo pachiswe. Kuti mupeze pakati, mtundu uliwonse ukhale ndi mlingo woitanitsira, umene umapezeka pochulukitsa kuchuluka kwa amene mumagwiritsa ntchito patsiku ndi masiku amene wogulitsa amatenga kuti abweretse, n'kuwonjezerapo pang'ono podziteteza.

Si mitundu yonse imene imafuna chidwi chofanana. Mukaika katundu yense pa mndandanda malinga ndi ndalama zimene amadya pachaka, kawirikawiri mupeza kuti mitundu yochepa ndiyo ikutenga gawo lalikulu la bajeti, ndipo imeneyi ndiyo yoyenera kuwerengedwa sabata iliyonse. Pambali pa iyi pali mankhwala opulumutsa moyo pa ngozi, monga adrenaline, amene sayenera kusowa ngakhale atakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito. Potulutsa mankhwala, oyamba kutuluka akhale amene tsiku lawo lothera lili pafupi, ngakhale atakhala kuti anafika pambuyo. Katemera wambiri amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8 a Celsius, ndipo ena, monga wa hepatitis B ndi wa kafumbata, amaonongeka akaundana, kotero kutentha kwa firiji kuzilembedwa m'mawa ndi madzulo. Pomaliza, gulani kwa ogulitsa a chiphaso okha. Mu 2017 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti pafupifupi chimodzi mwa zinthu khumi zilizonse zachipatala m'maiko osauka ndi opeza pakatikati chimakhala chachinyengo kapena chosafika pa muyezo, kotero mtengo wotsika modabwitsa uyenera kukuchenjezani.

Odwala akudandaula kuti amadikira nthawi yaitali. Kodi yankho ndi kulemba dokotala wina?

Nthawi zina inde, koma musanatero mvetsani mmene mizere imakhalira. Agner Krarup Erlang, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito kukampani ya matelefoni ya ku Copenhagen, anayamba kufufuza nkhaniyi mu 1909, ndipo masamu ochokera ku ntchito yake amaonetsa chinthu chimene eni zipatala ambiri sachiyembekezera. Pamene anthu akufika mosatsata nthawi ndipo ena amatenga nthawi yaitali kuposa ena, kudikira sikukula pang'onopang'ono ayi, koma kumalumpha dokotala akamayandikira kutanganidwa nthawi yake yonse. M'chitsanzo chosavuta cha dokotala mmodzi, akakhala wotanganidwa theka la nthawi yake wodwala amadikira pafupifupi nthawi ya kuonana kumodzi. Akatanganidwa magawo 80 pa 100 kudikirako kumafika pa kuonana kunayi, ndipo pa magawo 90 kumafika pa kuonana kasanu ndi kanayi. Ngati kuonana kumodzi kumatenga mphindi 15, kudikira kwachoka pa ola limodzi kufika pa maola awiri ndi mphindi 15, chonsecho ntchito yangowonjezeka pang'ono chabe. Choncho ndandanda yodzaza mpaka pakamwa imaoneka yopindulitsa papepala, koma imabala mzere wautali ndi odwala okwiya. Siyani mipata ingapo yopanda munthu, ya odwala mwadzidzidzi ndi ya kuonana kumene kwatalika.

Kenako yezani. Kwa masabata awiri lembani nthawi imene wodwala wafika, imene walembedwa m'kaundula, imene waonana ndi namwino, imene walowa kwa dokotala ndi imene walandira mankhwala. Nthawi zambiri mupeza kuti pothina si pa dokotala, koma pofunafuna fayilo, podikira zotsatira za mu labotale kapena pa malo olipirira. Chipatala cha Virginia Mason cha ku Seattle chinayamba mu 2002 kutsatira njira za kampani ya magalimoto ya Toyota, zimene mfundo yake yaikulu ndi kulondola ntchito kuchokera poyambira mpaka pothera n'kuchotsa chilichonse chosathandiza amene akutumikiridwa. Chipatala chaching'ono chikhoza kuchita zomwezo ndi wotchi ndi kope. Ndipo pali chinthu china chimene eni ake safuna kumva: dokotala akayamba ntchito mochedwa ndi mphindi 30, kuchedwako kumayenda ndi odwala onse mpaka madzulo.

Nanga odwala amene amapangana tsiku koma osabwera?

Kuwakumbutsa ndi uthenga wa pafoni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kumathandiza, makamaka ngati uthengawo ukupereka njira yosavuta yosinthira tsikulo. Katswiri wa ziwerengero Norman Bailey anapereka maganizo mu 1952 akuti odwala awiri aitanidwe pa nthawi yoyamba, kenako mmodzimmodzi motalikirana ndi nthawi imene kuonana kumodzi kumatenga, kuti dokotala asakhale manja lende woyamba akalephera kubwera. Kuitana odwala onse pa nthawi imodzi m'mawa kumateteza nthawi ya dokotala pogwiritsa ntchito nthawi ya wina aliyense, ndipo amene ali ndi kwina kopita sabweranso.

Kodi ndigule makina okwera mtengo monga a X-ray kapena ultrasound?

Mtengo wogulira ndi gawo chabe la nkhaniyi. Werengerani katswiri woyendetsa makinawo, mgwirizano wokonzetsa, zipangizo zosinthira, magetsi, chilolezo, ndiponso masiku amene adzakhale atawonongeka ngongole yake ikuyendabe. Kenako yang'anani m'kaundula wanu kuti ndi odwala angati amene munawatumiza kwina kukayezedwa m'miyezi 12 yapitayi. Ngati chiwerengerocho sichikukwanira kulipira makinawo, pitirizani kutumiza odwala kwa amene ali nawo kale. Makina ogulidwa pa ngongole popanda odwala okwanira amadzetsa chiyeso choyeza anthu amene safunikira kuyezedwa.

Ndi mfundo ziti zofunika pa nkhani ya antchito?

Chinthu chokwera mtengo kwambiri m'chipatala ndi nthawi ya dokotala, kotero ntchito iliyonse imene wina angaigwire moyenera malinga ndi maphunziro ndi chiphaso chake iperekedwe kwa iyeyo. Dokotala amene akufunafuna fayilo, kuyeza sikelo kapena kuimbira foni ogulitsa mankhwala akusiya odwala panja. Aliyense akhale ndi kalata yofotokoza ntchito yake ndi mgwirizano wolembedwa wogwirizana ndi malamulo a ntchito a dziko limene muli, ndipo ziphaso za madokotala, anamwino ndi a mu labotale zitsimikiziridwe ku bungwe lowalembetsa asanayambe ntchito, osangokhulupirira pepala limene abweretsa.

Munthu wolandira alendo amanyozedwa kawirikawiri pa kalembedwe ndi pa malipiro, chonsecho ndiye woyamba kuonana ndi wodwala, ndiye amalemba dzina ndi nambala zimene malipiro a inshulansi adzadalire, ndiponso ndiye angazindikire kuti munthu amene wakhala chete pa benchi akuvutika kupuma ndipo sayenera kudikira. Ameneyu asankhidwe mosamala ndi kuphunzitsidwa. Ngati mwalemba wachibale, ayendere malamulo omwewo amene ena onse akuyendera, apo ayi antchito ena amaleka kukuuzani zolakwika. Malipiro aziperekedwa pa tsiku lake, ndipo ndandanda ya ntchito ipereke mpumulo weniweni, chifukwa munthu wotopa amalakwitsa mlingo wa mankhwala, ndipo namwino waluso akachoka pamatenga miyezi kuti wolowa m'malo mwake azolowere.

Ndingadziwe bwanji kuti chithandizo chimene tikupereka ndi chabwino?

Kuchuluka kwa odwala sikuyankha funso limeneli. Dokotala wofufuza za ubwino wa chithandizo Avedis Donabedian anapereka mu 1966 njira imene ikugwiritsidwabe ntchito, yoyang'ana zinthu zitatu: zimene chipatala chili nazo, monga antchito ndi zipangizo, mmene ntchito ikugwiridwira, ndi zotsatira zake pa wodwala. Chipatala chaching'ono sichifunika miyezo yambirimbiri. Chikhoza kusankha inayi kapena isanu, monga odwala matenda othamanga magazi amene magazi awo atsika kufika pofunikira, zilonda za opaleshoni zimene zatukusira, zotsatira za mu labotale zimene sizinafike kwa wodwala, ndi odwala amene abwereranso ndi vuto lomwelo pasanathe sabata. Miyezoyi iwerengedwe mwezi uliwonse pamodzi ndi antchito onse.

Zolakwika zidzachitika ndithu. Lipoti la 1999 la bungwe la akatswiri a zaumoyo la ku United States lotchedwa Institute of Medicine linayerekeza kuti anthu pakati pa 44,000 ndi 98,000 ankamwalira chaka chilichonse m'zipatala za ku United States chifukwa cha zolakwika zopeweka, ndipo linatsindika kuti gwero lake nthawi zambiri limakhala dongosolo lofooka osati anthu osasamala. Ngati namwino amene waulula kuti anapereka mankhwala olakwika alangidwa pamaso pa anzake, cholakwika chotsatira simudzachimva. Funso lothandiza ndi lakuti chinalola cholakwikacho kuchitika n'chiyani, kaya ndi mabotolo awiri ofanana oikidwa pamodzi, kaya ndi zolemba zosawerengeka. Madandaulo a odwala alembedwenso m'buku, ayankhidwe msanga, ndipo wodwala amene walakwiridwa auzidwe zoona. Inshulansi yoteteza ogwira ntchito zachipatala pa milandu isadutse tsiku lake.

Kodi mafayilo a odwala ndiwasamutsire pa kompyuta?

Kompyuta imafulumizitsa kupeza fayilo, kukonza bilu ndi kuona katundu wotsala, koma siikonza dongosolo losokonekera, choncho yambani mwalongosola kayendedwe ka ntchito. Wantchito aliyense akhale ndi dzina ndi nambala yakeyake yachinsinsi yolowera, aone zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, ndipo akasiya ntchito njira yake itsekedwe tsiku lomwelo. Zonse zisungidwenso pamalo ena apadera, ndipo nthawi ndi nthawi muziyesa ngati zosungidwazo zikutsegukadi. Mu Meyi 2017 pulogalamu yowononga yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'zipatala zambiri za boma (NHS) ku Britain, moti odwala ambiri anabwezedwa, ndipo makompyuta amene anagwidwa anali amene sanalandire zokonza zachitetezo zimene zinali zitatuluka kale. Chinsinsi cha wodwala chimathanso kuululika popanda kompyuta, monga pamene wantchito atchula matenda a munthu mokweza pa malo odikirira.

Kodi kutsatsa malonda n'kololedwa?

Mabungwe olembetsa madokotala amakhala ndi malamulo pa nkhaniyi, ndipo muyenera kuwerenga a dziko lanu musanasindikize kanthu. Kudziwitsa anthu malo, maola ndi chithandizo chimene mumapereka nthawi zambiri kulibe vuto, koma kulonjeza machiritso, kunyoza anzanu kapena kuonetsa chithunzi cha wodwala popanda chilolezo chake cholembedwa kukhoza kukulanditsani chiphaso.

Ndi liti pamene ndingatenge mnzanga wogawana naye bizinesi kapena kutsegula nthambi yachiwiri?

Mgwirizano wa anthu awiri ulembedwe pamene mukumvana, mothandizidwa ndi loya, ndipo unene momveka za mpamba umene aliyense waika, kagawidwe ka phindu pamene wina akuona odwala ambiri kuposa mnzake, amene ali ndi mawu omaliza pa kugula ndi kulemba antchito, ndiponso chimene chidzachitike wina akadwala, akamwalira kapena akafuna kuchoka, kuphatikizapo njira yowerengera mtengo wa gawo lake.

Pa nkhani ya nthambi yachiwiri, muyeso wabwino ndi kuona ngati chipatala choyamba chingayende milungu iwiri inu kulibe, malipiro n'kuperekedwa, mankhwala n'kuitanitsidwa, zikalata za inshulansi n'kutumizidwa, popanda wina kukuimbirani foni. Ngati sichingathe, ndiye kuti dongosolo lonse likadali m'mutu mwanu, ndipo ntchito yoyamba ndi kulilemba ndi kuphunzitsa wina kuliyendetsa. Nthambi yatsopano imatenga miyezi isanayambe kudzilipirira yokha, kotero ndalama zoiyendetsera pa nthawi imeneyo zikhale zitapezeka kale, ndipo zisatapidwe mu nkhokwe ya miyezi itatu ya chipatala choyamba.